Mtsuko Umene Sanaumate

Ana inu mumaseka mukandimva ndikufunsa pa msonkhano wa banja kuti, "Tsono achite ndani?" Mumati gogo ndi wovuta. Funso limeneli lili ndi pochokera, ndipo ndikuuzani.

Kalekale, kutsidya kwa dambo, kunali bambo wina dzina lake Kamtedza. Iyeyu ankayang'anira alongo ake awiri, Ndaziona wamkulu ndi Lekeleni wamng'ono, pamodzi ndi ana awo. Ndaziona anali wamasiye. Lekeleni anali ndi mwamuna, Dzonzi, mkamwini wokonda nthabwala ndi kukumba mbewa.

Chaka china anakolola pang'ono. Kamtedza anaona kuti mbewu ikakhala m'nyumba ya aliyense, njala ikaluma idzathera mumphika. Anawaitana onse pakhonde.

"Achemwali, tisonkhe mbewu pamodzi," anatero. "Chimanga ndi khobwe tithire mumtsuko umodzi, tisakanize ndi phulusa, pakamwa timate ndi dothi. Anankafumbwe asowe polowera, ifenso tisowe potapira."

"Mtsuko wanga wa mowa uja ndi waukulu," anatero Lekeleni.

"Wa mowa?" anafunsa Ndaziona. "Kuti alamu a Dzonzi azikaununkhiza m'mawa ndi madzulo?"

"Alamu, mowa ndimamwadi," anayankha Dzonzi, "koma khobwe wouma sindinamutafunepo."

Anaseka, nayamba kukangana. Mtsuko ukhale kwa yani? Phulusa likhale la mtengo wanji? Aliyense analankhula, ena kawiri. Potsiriza anagwirizana kuti mtsuko ukhale m'nyumba ya malemu mayi awo, imene munalibe munthu. Anathira mbewu, navundikira ndi phale. Dzuwa linali litapendeka, ndipo pakhomo panalibe madzi opondera dothi.

"Timata mawa," anatero Kamtedza.

"Eya, timate," anavomera onse, nabalalika mitima ili mbee.

Mawa linafika, linapita. Ndaziona ankati mwini mtsuko ndi Lekeleni, amata yekha. Lekeleni ankati zinthu zotere amayamba ndi wamkulu. Kamtedza ankati dothi la mtsuko ndi ntchito ya amayi. Nanga Dzonzi? Mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi osatumidwa, ngakhale apongoziwo ali kumanda. Ndiponso aliyense ankaopa kuonedwa akutuluka yekha m'nyumba ija, poti anzake akanati wakatapa.

Ndaziona mtima sunkakhala pansi. Popita kudambo ankaima pa chitseko chija, n'kupitirira. Pobwera ankaimanso. Tsiku lina anafika potsegula pakamwa kuti afunse mng'ono wake, koma anaganiza kuti, "Ndikafunsa ati ndikumukayikira." Anangobwerera kwake. Chilimwe chinatha choncho.

Kenaka kunja kunayamba kufunda, mitambo ikusonkhana n'kubalalika. Anthu ankayenda maso ali kumwamba. Mvula itagwa yokhutitsa nthaka, onse anathamangira ku nyumba ija, makasu paphewa, ana ali pambuyo ndi timadengu.

Kamtedza anachotsa phale. Sanafunike kuswa dothi, poti dothi panalibe. Anapisa dzanja, natulutsa fumbi lokhalokha, anankafumbwe ali nyakanyaka mpaka m'chigongono.

"Lekeleni! Sunamate?" anafunsa Kamtedza.

"Ine? Akulu ali pomwepa, mukufunsa ine?"

"Mtsuko ndi wako!" anakalipa Ndaziona.

"Nanga mawu anali a yani? Si achimwene anati timate?" anabweza Lekeleni.

Phokoso linakula, ana nayamba kulira. Dzonzi anangokhala pa mtondo, nthabwala zitamuthera. Atatopa onse, iye analankhula motsitsa.

"Alamu, ine ndimadziwa za mbewa zokha. Mbewa ikakhala yokha kuuna, imatseka njira kumbuyo kwake ndi dothi. Dothi limenelo timati masa. Utsi sulowa, njoka sipita, wokumba amasokera. Koma ukapeza una wa mbewa zambiri, njira imakhala pululu, iliyonse ikuti inzake itseka. Zimenezo ndimangotola. Ifetu lero tatoledwa, ine ndemwe."

Ndaziona anayang'ana ana ake atatu, nayang'ana nthaka yonyowa imene siidikira munthu. Anamanga chitenje molimba.

"Kulira tilira madzulo," anatero. "Achimwene, inu mupite kwa a Nasimango kuseri kwa phiri mukapemphe chimanga, muwauze kuti tidzawapalira munda. Mupite tsopano lino. Lekeleni, iwe khobwe, kwa apongozi ako. Alamu, inu ndi ine tipete fumbili, mwina mwatsala njere zamoyo. Aliyense avomere ndi pakamwa pake, ndimve."

Anavomera mmodzimmodzi. Pofika madzulo mbewu inali pakhomo, koma ya malichero awiri okha. Anabzala theka la munda, napalira wa eni ake wawo ukumera thengo. Chaka chimenecho ana anakulira mango owiritsa. Lichero la a Nasimango, ndimamva, silinabwerere mpaka lero. Zoterozo ine sindiiwala.

Kuyambira pamenepo anthu amati, "Mbewa zikachuluka siziika masa." Mwambiwu sukuletsa kukhala pamodzi n'kupangana, ayi. Nzeru ya mtsuko inali yabwino, ndipo inatuluka poti anali ambiri. Chimene chinawapweteka ndi mawu aja akuti "timate". Mawu amenewo alibe manja. Mukamapangana chinthu, musadzuke pamphasa musanatchule dzina la wochita ndi tsiku lake, iye n'kuvomera onse akumva. Mukatero, ndisiya kufunsa.