Abambo Ake a Pelle

Chimwalirireni mkazi wawo mayi Gudrun, nyumba ya a Eckhard Brodersen, pamwamba pa sitolo ya nsapato kufupi ndi doko la Flensburg, inasanduka malo ongogonamo. Mkuluyu anakalambira pa ntchito yoyendetsa makina okweza katundu m'sitima, ali yekhayekha m'kachipinda kam'mwamba, moti anazolowera kuona anthu ali patali. Wocheza ndi anthu anali mkazi wawo, iwo ankangoima kumbuyo atanyamula chikwama. Maliro atatha zinadziwika kuti anzawo onse aja anali a Gudrun. Ndipo m'tauni imeneyo munthu sakuimitsa pamsewu popanda chifukwa. Akakuponyera "Moin" ndiye kuti wakupatsa moni, wakufunsa za moyo, watsanzikanso.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Torben, ankagwira ntchito kutali ku Stuttgart. Chaka chimenecho a Brodersen anayala bedi la alendo mwezi wa Disembala utangoyamba, n'kugula soseji zokwanira banja lonse, poganiza kuti mnyamatayo akhala mpaka chaka chatsopano. Sanamuuze zimenezi. Ankaona kuti mwana wobereka okha ayenera kudziwa yekha.

Torben naye mtima unkamugunda podziwa kuti sakhalitsa. Ali m'njira anaimbira foni kumalo osungira ziweto zosowa eni kuti atengeko galu, koma anamukaniza. Kumeneko sapereka chiweto nyengo ya Khirisimasi, chifukwa anatopa ndi mphatso zobwerera zili ndi miyendo inayi. Iye sanafooke. Anafufuza pafoni, napeza bambo wina wogulitsa tiagalu kumbuyo kwa galimoto pamalo omwetsera mafuta. Malonda anatha khofi wake asanazizire.

Anafika tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, atakumbatira katoni yoboolaboola.

"Ababa, khalani pansi kaye. Ndakubweretserani mnzanu."

M'katonimo munatuluka kagalu kofiirira, ka makutu aatali, kariboni kali m'khosi. Kananunkhiza mwendo wa tebulo, kenaka n'kukodzera pakapeti.

"Mnzanga wake ndi ameneyu? Wayamba bwino," anatero a Brodersen.

"Dzina lake ndi Pelle. Azikuchezetsani. Paja adokotala anati muziyendayenda."

"Ndinakuuza kuti ndikufuna galu ine?"

"Simunanene. Koma inu ababa mumanena chiyani?"

"Ubwerera liti?"

Torben anayang'ana galu m'malo moyang'ana bambo ake. "Mkuja m'mawa. Kwa apongozi akundidikira."

"Ndamva. Ndiye wandibweretsera waganyu woti azikugwirira ntchito."

Torben anaseka, bambo ake sanaseke. Anadya soseji ndi mbatata zawo mwakachetechete, ndipo tsiku lolonjezedwa litafika mnyamatayo ananyamuka, n'kusiya thumba la chakudya cha galu pakhomo.

Galu sadziwa kuti mwini nyumba wakwiya. Sadziwanso kuti kunja kukugwa mvula yamphepo ya Januwale. Kukacha Pelle ankakanda chitseko, ndipo a Brodersen, atatopa ndi kukolopa, ankavala chijasi n'kutsika naye masitepe akung'ung'udza. Njira inali imodzi, yotsata m'mbali mwa doko mpaka pa benchi yoyang'ana masitima akale. Kumeneko n'kumene zinthu zinayamba kuwadabwitsa. Anthu amene anakhala akuwadutsa zaka zonsezi anayamba kuima, kuwerama, kufunsa miyezi ya kagaluko, kenaka n'kudzutsa mutu kuyang'ana mwini wake kumaso.

Woyamba kuwaseka anali mayi Hinrichsen, mayi wamtali amene kale ankagulitsa matikiti a sitima, mwini galu wina wokalamba woyenda motsimphina.

"Kodi pamenepa akuyendetsa mnzake ndani?" anafunsa mayiwo ataona mkuluyo akukokedwa ndi chingwe.

"Si wanga ameneyu. Angondisiyira."

"Tonse timatero poyamba. Wangayu ndinkangomusungira mng'ono wanga kwa sabata imodzi. Onani lero, tonse tamera imvi."

Pa benchipo pankasonkhana eni agalu angapo m'mawa uliwonse, wina atabweretsa khofi m'fulasiki. Palibe amene anafunsa a Brodersen dzina lawo, popeza eni agalu amadziwana ndi maina a agalu awo. Anangoyamba kuwatchula kuti abambo ake a Pelle. Akachedwa ankawadikira. Tsiku lina atagwidwa ndi chimfine osatuluka, mayi Hinrichsen anafunsa kusitolo ya nsapato ngati abambo ake a Pelle ali bwino.

Tisawanamizire a Brodersen, sanali munthu woipa mtima. Vuto lawo linali liuma, la mtundu uja woona ngati kuvomera kuti wakondwa n'kugonja. Anayambiranso kumeta ndevu tsiku ndi tsiku, koma ankati n'chifukwa choti zinkayabwa. Anagula keke yopita nayo pa benchi, n'kunena kuti inali yotsika mtengo. Madzulo Pelle ankagona pamapazi pawo, iwo n'kumamufotokozera nkhani za m'nyuzipepala, kumutsutsa ndi kumudzudzula ngati munthu. Komabe Torben akaimba foni kufunsa za galu, yankho linali lomwelo: "Akadali moyo. Wadya nsapato ya amako."

Isitala itayandikira anayalanso bedi la alendo. Foni inalira Lamlungu masana.

"Ababa, ulendo uno sitikwanitsa kubwera. Ntchito yandipanikiza. Koma mtima wanga uli m'malo tsopano, poti simuli nokha. Muli ndi Pelle."

Mawu amenewo anawalasa. Anaika foni pansi n'kuyang'ana galu amene ankawagwedezera mchira, ndipo sanaone mnzawo wa m'mawa uliwonse. Anaona chifukwa chimene mwana wawo wapeza chosabwerera kwawo. Anaganiza kuti akachichotsa chifukwacho, mnyamatayo asowa pobisala, akwera sitima. M'mawa mwake sanakhotere kudoko. Anakwera basi ndi Pelle, thumba la chakudya lili m'manja.

Malo osungira ziweto anali kunja kwa tauni, ndipo phokoso lake linkamveka munthu asanafike pachipata. Zipinda zonse za agalu zinali zodzaza, ena awiriawiri. M'khonde anasanjikiza timakola ta akalulu ndi mbira, ndipo amphaka anali atalanda ngakhale chipinda chimene antchito ankamweramo tiyi. Woyang'anira malowo, mayi Jessen, anali ndi maso ofiira a munthu wosagona mokwanira.

"Wa Khirisimasi?" anafunsa atangomuona Pelle.

"Mwadziwa bwanji?"

"Msinkhu wake. Theka la amene mukuwamva akuuwawo ndi anzake obadwa mwezi umodzi. Bambo, malo ndilibe. Kodi waluma munthu? Mukudwala?"

"Ayi. Sindinamupemphe basi."

Mayi Jessen anayang'ana galuyo, amene anali atatsamira mwendo wa mkuluyo akunjenjemera. "Galu wosafunidwa satsamira choncho. Bwererani naye, mukaganize bwino. Ngati vuto ndi mphamvu zake, tili ndi anthu ongodzipereka oti angamamuyendetse."

"Ndaganiza kale. Mukakana ndimumangirira pachipata chanucho."

Sakanachita zimenezo, koma mayiwo anali ataonapo ambiri ochita, choncho sanafune kuyesa. "Chabwino. Koma mumve izi musanasaine. Mukasaina, galuyu si wanunso. Tikamupezera pokhala sitikuuzani kumene wapita."

A Brodersen anasaina. Potuluka sanacheuke, ngakhale ankamva zikhadabo zikukanda pansi kumbuyo kwawo. Atafika kunyumba anaimbira Torben, mawu ali okonzakonza.

"Waganyu wako uja ndamuchotsa ntchito. Tsopano ndili ndekha."

Torben anafunsa kuti, "Mwamupereka Pelle? Kuti mundilange ine?"

"Kuti udziwe kuti galu si mwana."

"Ndinalakwa kumugula osakufunsani, ndikuvomera. Koma iyeyo anakulakwirani chiyani, ababa?"

Torben sanabwere pa Isitala, ndipo mafoni ake anayamba kutalikirana.

Masiku oyamba a Brodersen anadziuza kuti apuma. Anachapa kapeti, n'kubweza nsapato pamalo pake. Koma thupi linali litazolowera. Kukangocha ankadzidzimuka kudikira kukanda kwa pachitseko, osamva kanthu. Madzulo ankapezeka atayamba kuwerenga nkhani mokweza, n'kulekera pakati. Chete wa m'nyumbamo anali yemwe uja wa kale, koma tsopano ankawawa kuposa kale, chifukwa anali atalawako zina. Anamusowa galuyo. Anamusowa kwambiri moti nthawi zina ankaima pakati pa khitchini osadziwa chimene adzera.

Tsiku lina anavala chijasi n'kutsata njira ya kudoko manja ali m'matumba. Anthu amene ankaima aja ankayang'ana pansi pafupi ndi mawondo awo, osaona kanthu, n'kudutsa. Ena sanawazindikire n'komwe. Pa benchi mayi Hinrichsen anawasunthira malo.

"Mwasowatu. Pelle wadwala?"

"Ndinakamusiya kosungira ziweto."

"Kuti mwapita kuchipatala kapena?"

"Ayi. Ndinali ndi nkhani ndi mwana wanga."

Mayiwo anatseka fulasiki pang'onopang'ono. "Nkhani ndi mwana wanu, wolipira n'kukhala galu." Sanawakalipire. Anangoitana galu wawo n'kunyamuka, ndipo kuyambira tsikulo akakumana ankawapatsa "Moin" wouma ngati wina aliyense.

Akanathamangira kwa mayi Jessen tsiku lomwelo. Koma kubwerera kukanatanthauza kuima pamaso pa mayi uja n'kunena kuti ndinalakwa, ndipo mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa pawo ngakhale kwa Gudrun. Ankati apita mawa, mawa likafika ankati nyengo sili bwino. Kamodzi anakwera basi ija, n'kutsikira panjira. Pamene anafika pachipata chija mitengo inali itaphuka kale masamba.

Mayi Jessen anawazindikira. "Bambo Brodersen."

"Ndabwera kudzatenga galu wanga. Ndinalakwa, mayi."

Nkhope ya mayiyo inafewa, ndipo zimenezo zinawaopsa kuposa ukali. "Kulibe kuno. Tinadzaza mpaka kusowa popondera, ndiye anzathu a m'tauni ina anabwera ndi galimoto kudzatengako agalu ena. Pelle anapita nawo. Kumeneko wapeza banja."

"Kuti?"

"Ndinakuuzani kuti sindinganene."

"Sindikamulanda. Ndingomuona ali patali."

"Akakuonani ndiye kuti ayambiranso kudikira. Mulekeni azolowere."

A Brodersen anagwira chipewa chawo ndi manja onse awiri. "Wadikira?"

Mayi Jessen anazengereza, koma sanali munthu wonama. "Masabata oyamba sankadya bwino. Ankagona atayang'ana kuchitseko. Akalowa bambo wachikulire aliyense, iye ankaimirira. Ndinamubisa pamene galimoto inabwera koyamba, poganiza kuti mubwera. Kachiwiri ndinalibenso pomuika."

Mkuluyo anakhala pampando umene unali pafupi. Kuseri agalu ankauwabe, aliyense kuitana wake.

"Amaopa sitima ikaliza lipenga," anatero patapita nthawi. "Muwauze anthuwo. Azingomuika dzanja pamsana, amasiya kunjenjemera."

"Kumene aliko kulibe sitima, bambo. Kuli bwalo lalikulu ndi ana awiri."

"Ndiye ali bwino."

"Ali bwino."

Anafunsa ngati angatenge wina, koma mayiwo anapukusa mutu. Munthu wobweza chiweto popanda chifukwa samupatsanso china msanga, ndipo agalu ambiri amene analipo anali aang'ono, ofuna mwini woti akhala nawo zaka zambiri. Sananene kuti a Brodersen akalamba, koma iwo anamva.

Sanadikire basi. Anayenda wapansi mpaka m'tauni, ndipo atafika kunyumba anaimbira Torben osakonzekera mawu alionse.

"Pelle wapita, mwana wanga. Ndachedwa."

"Pepani, ababa. Kodi ndikupezereni wina?"

"Ayi, usagule kanthu." Kenaka ananena zimene akananena kalekale. "Ndakusowa iweyo. Ndinamusowanso iyeyo, koma ndinadziwa atapita."

Torben analonjeza kuti abwera m'chilimwe, ndipo mwina adzabweradi, akhale masiku angapo n'kubwerera kwake monga amachitira ana. Koma wa tsiku ndi tsiku uja, amene ankawadzutsa, kuwatulutsa panja ndi kuwakokera pakati pa anthu, anamupereka okha ndi dzanja lawo. Lero mukawaona akuyenda m'mbali mwa doko, amaima galu aliyense wofiirira akamadutsa, n'kumuyang'anitsitsa mpaka atakhota. Amadziwa kuti si iyeyo, koma amaimabe. Akuluakulu sananame pamene anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.