Mapepala a pa Zenera

Anthu atapempha kuona zomwe komiti ya milatho inakambirana, monga lamulo limalolera, wapampando wake, a Chimbalanga, anaitana mlembi Nankhoma.

"Pepala limodzi likangotuluka muno, ntchito yakuthera."

"Ndamva, bwana."

Nankhoma anatenga guluu n'kumata mapepala onse pazenera cham'kati, zilembo zitaloza kubwalo.

Pochokera kunkhomaliro, a Chimbalanga anapeza khamu pakhonde. Mayi wina ankawerengera anzake mokweza kuti amene anakana mlatho wa kwawo anali a Chimbalanga omwewo, amene ankaulonjeza pamsonkhano uliwonse.

A Chimbalanga analowa muofesi. "Nankhoma, ndinati chiyani?"

"Munati lisatuluke, bwana. Awerengeni, onse ali m'kati muno."

Panja, mayi uja anagogoda pagalasi mwaulemu.

"Bwana, tatitembenuzireni pepalali tiwerengenso kuseriko."