Tinyade Abwerera M'bwalo la Chimtali

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu, ndipo ina idabadwira pamaliro. Uwu wa lerowu udachokera m'mudzi wina wa kumapiri a ku Dowa, kalekale agogo a agogo anu asanamere mano.

M'mudzimo mudali mayi wina dzina lake Tinyade, katswiri wa chimtali, gule wa amayi uja. Iye akalowa m'bwalo, ngakhale nkhalamba zodandaula msana zinkaimirira kuti zione bwino. Mwamuna wake, Gwaza, ndiye ankaimba ng'oma, ndipo ankayenda modzitukumula ngati chiuno chovinacho chidali chake.

Chaka china anthu atangokolola, Tinyade adabereka mwana wamwamuna. Uchembere wake udali wovuta, moti adataya magazi ambiri. Mzamba amene adamuthandiza adali Nasimango, mayi ake aakulu, omwe ankakhala kutsidya kwa mtsinje. Asanabwerere kwawo adamulangiza.

"Mwanawe, thupi lakoli lagwira ntchito yaikulu, ulipatse mpata. Uzimwa phala la mawere, uzitafuna chinangwa ndi mtedza kuti bere lidzaze. Mtondo usauyandikire. Nsalu ndakumanga pamimbayi ndi yongogwiriziza, usaikoke."

Tinyade adamvera ndithu, mpaka mchombo wa mwana udagwa, iye n'kutuluka m'chikuta.

Tsono kudamveka kuti mwezi wotsatira m'mudzimo muli ukwati, ndipo amayi a mudzi woyandikana nawo adzabwera kudzapikisana gule. Nangondo, amene ankayambitsa nyimbo pachimtali, adafika pakhomo pa Tinyade. Khandalo adangoliponyera diso kamodzi, maso ake onse adali pamimba pa mayi.

"Aa, mnzanga, kodi wasiyamo wina m'menemu?" adatero akuseka. "Ine wanga wachitatu uja ndidachira m'mawa, mkuja wake ndili kudambo ndi mtsuko. Anzathuwo akuti ali ndi kamtsikana kopyapyala ngati bango. Ukapanda kuvina iwe, mudzi wonse tachita manyazi."

Kaya za mtsukozo zidali zoona, ndani akudziwa? Anthu akakula amaiwala ululu n'kumakumbukira mphamvu zawo zokha.

Madzulo ake Gwaza naye adaponyapo ake. "Mayi a mwana, chiuno chija mudachiiwala kuchikuta kodi? Ng'oma yanga ikusowa woiyankha."

Iye ankati ndi nthabwala. Tinyade adalowa m'nyumba, natenga mikanda yake ya m'chiuno kuti ayese. Sidakumane. Adakhala pamphasa n'kulira mwakachetechete, pakuti adaona ngati munthu amene mudzi unkamukonda uja wapita, ndipo watsala wina wosafunika.

Kuyambira pamenepo adayamba kulimbana ndi thupi lake ngati mdani. Nsalu ya pamimba adaikoka, pamwamba pake n'kumangapo luzi. Phala la mawere ankathirira nkhuku kuseri kwa nkhokwe. M'mawa ankakwera phiri kukatola nkhuni zimene sankazisowa n'komwe, masana n'kupita kokonzekera gule, mwana atamugoneka pamphasa pambali. Chizungulire chikamugwira ankangoima pang'ono, n'kuseka kuti wapunthwa.

Anthu adayamba kumutama. "Taonani Tinyade, ngati sadaberekepo!" Amayi ena ankamuloza ponyoza ana awo aakazi kuti ndi aulesi.

Koma bere lidayamba kuuma. Mwana ankayamwa, n'kulisiya, n'kulira. Tinyade adayamba kumumwetsa kaphala kamadzimadzi ndi chala, ndipo khandalo lidayamba kutsegula m'mimba. Musaganize kuti sankamukonda mwanayo. Ankamukonda, ndipo mtima unkamupweteka. Koma nthawi zonse ankadziuza kuti, "Ukwati ukangotha ndidya, bere libwerera." Kenaka kulira kwa mwana kudachepa, ndipo anthu adati, "Mwana wofatsa bwanji!"

Tsiku la ukwati lidafika. Nasimango nawo adawoloka mtsinje kudzaonerera, koma adafika ng'oma zitayamba kale. Adapeza mwana ali m'manja mwa mayi wina kunja kwa bwalo, namulandira mokondwa.

M'bwalomo Tinyade ankavina ngati masiku akale. Fumbi lidakwera, nthungululu zili wowowo, ndipo amayi a mudzi wina uja adangogwira pakamwa. Gwaza thukuta lili kamukamu, nkhope ili mwee. Tinyade yekha ndiye ankadziwa kuti maso ake akuona mdima, ndiponso kuti pansi pa nsalu pakuyenda magazi.

Nasimango atavundukula kansalu kumutu kwa mwana, adamuyang'anitsitsa. Liwombo lidali litalowa, milomo itauma, maso ali gwaa osaphethira. Sadakuwe. Adadutsa pakati pa ovina, mwana ali m'manja, nakasanjika dzanja lawo pang'oma ya Gwaza. Bwalo lonse lidangoti zii.

"Mkamwini, mwanayu mudamuyang'ana liti kumaso?"

Tinyade adathamangira mwana wake, koma asanamufike adagwa pafumbi. Amayi adamunyamulira kuseri, ndipo atamasula luzi lija adapeza litadya mnofu, mabala atayamba kutukusira. Nangondo adatembenukira kumbali.

Amayiwo adafuna mayi wina woyamwitsa kuti athandize, koma mwanayo adalibenso mphamvu zoyamwira. Adatsirizika dzuwa lisanalowe. M'mawa mwake amayi okhaokha adakamuika, monga zimakhalira ndi makanda, pamene zakudya za ukwati zidali zisanathe m'madengu.

Tinyade adadwala nthawi yaitali, koma adachira. Tsiku lina adakhala pamthunzi wa mkuyu pafupi ndi njira ya kuchitsime. Amayi angapo adaima kuti amupepese, Nangondo ali pomwepo. Mmodzi mwa iwo, posowa chonena, adati, "Komabe mnzathu, tsiku lija udakongola. Mpaka lero anzathu aja akukambabe."

Tinyade sadakwiye. Adatola nkhuyu imodzi imene idagwa pafupi ndi phazi lake, yofiira bwino, yosalala.

"Yakoma iyi, eti?"

"Yakoma," adayankha amayiwo.

Adaing'amba pakati ndi zala. Nyerere zidatuluka, n'kumayenda padzanja lake.

"Ndi mmene ndidaliri ine tsiku mukunenalo," adatero Tinyade. "Nonse mudaona khungu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene adandifunsa kuti ndadya chiyani, kapena kuti mwana wayamwa. Inenso sindidadzifunse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Amayi aja adasenza mitsuko yawo n'kumapita. Mawuwo adapita nawo, ndipo adayenda mudzi ndi mudzi kufikira lero.

Tsono mukamva akulu akuti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," akutanthauza kuti chinthu chikhoza kukongola kunja pamene m'kati chikuwonongeka, choncho tisamaweruze ndi maso okha. Ambiri amaunena pochenjeza za munthu wa nkhope yabwino koma mtima woipa, ndipo salakwa. Koma mwambiwu umadzudzulanso ife oonerera, amene timaombera m'manja zimene zikupha mnzathu. Mayi akabereka, thupi lake lili ndi ntchito ziwiri, kuchira ndi kudyetsa mwana, ndipo lilibe ngongole kwa maso a munthu aliyense. Mukadzakula n'kukaona mayi wa khanda, musadzayambe ndi kuyang'ana chiuno chake. Mudzamufunse ngati wadya.