Tadzuka Bwino, Kaya Inu

Panali munthu wina wogulitsa tiyi pamsika wapamphambano. Chaka chimene kunagwa mliri wa chifuwa chobanikitsa, iye anamva pafoni kuti madzi owiritsa a masamba a bulugamu, mandimu ndi adyo amathana nayo nthendayo. Sanali munthu wopusa ayi. Anati, "Za pafoni n'zosadalirika. Ndiyambe ndafufuza ndekha."

Choncho aliyense wobwera kudzamwa tiyi ankamupatsanso kapu ya madziwo. M'mawa mwake ankawafunsa mmodzimmodzi, "Mwadzuka bwanji?" Onse ankayankha, "Tadzuka bwino, kaya inu." Iye mtima unkakhala m'malo. Amene anasiya kubwera sanawalondole. Ankangoti apeza tiyi wa shuga wambiri kwina. Posakhalitsa nayenso anajambula mawu ake n'kuwamwaza m'mafoni a anthu: "Ndayesa pa anthu ambirimbiri, palibe ndi mmodzi yemwe wadwala."

Kenako mkazi wake anayamba kutsokomola ndi kubanika. Mlongo wa mayiyo anabwera ndi njinga kuti amutengere kuchipatala, koma mwamunayo anamubweza pakhomo. "Alamu, musavutike. Mankhwala tili nawo m'nyumba muno, ofufuzidwa kale."

Tsiku lina m'mawa analowa kuchipinda ndi kapu m'manja. Mkaziyo anali gone pamphasa, milomo itauma, mpweya akuchita kuukoka.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Ndi mawu osamveka bwino, mayiyo anati, "Ndadzuka bwino, bambo. Kaya inu."

Apa m'pamene munthu uja anazindikira kuti kwathu kuno, ngakhale amene watsala madzi amodzi amayankha chomwecho. Anathamanga kukaitana mlamu wake, koma pofika kuchipatala anamwino anangopukusa mitu, mayiyo anali atamwalira kale. Mwamunayo analira momvetsa chisoni, pakuti mkaziyo ankamukonda, ndipo amene anabweza njinga ija anali iye mwini.

Inu amene mukumva, dziwani kuti munthuyu sananame. Anafunsadi, ndipo anayankhidwadi. Koma anafunsa funso limene yankho lake n'lodziwika kale, kwa okhawo amene anali ndi mphamvu zofikira pamsika. Tsono wina akakuuzani kuti "tafufuza," musafulumire kuuza anzanu. Yambani mwamufunsa kuti anafunsa ndani, anafunsa bwanji, nanga amene sanabwere aja ali kuti.