Mdzukulu wa Nangozo Alembedwe Dzina Liti?

Kalekale, tiyi atangoyamba kukwera mapiri a ku Thyolo, kunali mtsikana wina, Nangozo, amene ankachapa zovala kunyumba kwa mzungu woyang'anira esiteti, bwana Hari. Mzunguyo anamupatsa mimba. Mimba itaonekera anamuthamangitsa, nauza akapitawo ake kuti mkazi ameneyo samudziwa n'komwe.

Tsiku lonyamuka, khukhi wa panyumbapo anamuperekeza mpaka pageti. Nangozo sanalire. Anangofunsa chifukwa chimene mayina a alendo a bwana ankathera mofanana: Wilisoni, Jakisoni, Tomusoni.

"Makolo awo ankaitanira mwana dzina la bambo wake," anatero khukhi. "Soni ndiye kuti mwana wamwamuna. Wilisoni, mwana wa Wili."

Nangozo anawasunga mawuwo. Atabereka mwana wamwamuna, anapita naye kumishoni kukabatizitsa, ndipo mphunzitsi wolemba m'kaundula anafunsa dzina.

"Harisoni."

Mphunzitsi anaika cholembera pansi. "Mayi, mukudziwa chimene mukuputa?"

"Lembani, aphunzitsi. Iye wamukana ndi pakamwa pamodzi. Tione ngati atseke pakamwa pa dziko lonse."

Bwana atamva, anatumiza akapitawo kuti dzinalo lisinthidwe. Nangozo anakana. Anamugwetsera nyumba poti inali pamalo a esiteti. Iye anakamanga ina kunja kwa malire, m'mphepete mwa msewu umene bwanayo ankadutsa pahatchi. Akangomva ziboda, ankatuluka n'kufuula, ngakhale mwana ali kumbuyo kwake komweko: "Harisoni! Harisoni iwe, bwera udzadye!" Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka mzunguyo anabwerera kwawo, kumene anakafera.

Amuna ankaopa kumufunsira. Amene sanaope anali Likaka, kalipentala wa pa esiteti pomwepo. Atangomukwatira, bwana Hari, amene nthawiyo anali adakalipo, anamuchotsa ntchito, koma iye sanadandaule. Mwanayo atadwala chikuku, Likaka anamubereka kumsana tsiku lathunthu mpaka kuchipatala. Anamuphunzitsa kugwira sowo ndi kupala matabwa. Iye ndi Nangozo sanaberekenso mwana wina, ndipo za dzina la mwanayo Likaka sanatchulepo ngakhale kamodzi.

Harisoni naye anakula movutika. Kusukulu anzake ankamutcha mzungu wosowa nsapato. Ana a akapitawo ankamugenda, iye n'kumabwezera, mpaka anaguluka dzino ndi kutsala ndi chipsera pachipumi. Nangozo ankamutsuka mabala, koma mwanayo akapempha dzina lina ankamuyankha kuti, "Imirira bwino. Wolakwa si iwe."

Zaka zinapita. Harisoni anakwatira, nabereka mwana wamwamuna. Pa tsiku la ubatizo, ali pakhomo pa tchalitchi, mkazi wake anati, "Dzina loyamba ndasankha ine. Lachiwirilo gwirizanani eni akenu."

Likaka, tsopano nkhalamba yoyendera ndodo, anavula chipewa. "Zaka makumi atatu ndakhala chete. Lero ndilankhulako. Ndakhala ndikuitana dzina la munthu amene anandichotsa ntchito, m'nyumba mwanga momwe, m'mawa ndi madzulo. Ndikafa ine, dzina la Likaka lithera pomwepo. Mdzukuluyu alembedwe Likaka."

Mawuwo anamulasa Nangozo, poti ankadziwa kuti mwamuna wake sananame. Komabe anaimirira.

"Bambo, palibe chimene ndingakumaneni, kupatula ichi chokha. Dzinali anandigwetsera nalo nyumba. Munthu uja ankafuna kuti lifufutike, ine ndinakana. Tikalichotsa lero ndi manja athu, ndiye kuti wapambana mlandu ali m'manda. Adzukulu adzafunse kuti Hari anali yani, ndipo adzauzidwe zimene anachita. Alembedwe Harisoni."

Apa Harisoni analoza chipsera chake. "Amayi, nkhondo munayambitsa ndinu, koma miyala inkagwera ine. Mwana wanga sanyamula dzina la munthu amene anandikana. Bambo, inu munandilera, sindidzaiwala. Koma amene anaima yekha pamene dziko lonse linkaopa ndi mayi angawa. Mwanayu atenge mfunda wawo. Alembedwe Ngozo."

"Ulemu umenewo sindiufuna!" anakalipa Nangozo. "Usandiveke nsalu yokongola kuti unditseke pakamwa!"

Belu linalira. Anthu analowa, nyimbo inayamba, mlembi wa mpingo ali chiimire pakhomo ndi kaundula wotsegula. Mwa atatuwo palibe amene anasuntha.

Tsono inu mwamva mlandu wonse. Mayi anataya nyumba kuti choonadi chisakwiriridwe. Nkhalamba inalera mwana wa wina osapempha kanthu, ndipo lero yapempha kamodzi kokha. Bambo wa khandalo ndiye anamva kuwawa kwa dzinalo m'thupi mwake. Cholembera chikanakhala m'dzanja lanu, mukanalemba dzina liti, ndipo awiri otsalawo mukanawauza chiyani?