Kubisa Nsalu pa Dziwe la Kanyimbi

Makolo a fuko la a Mbewe atatsika kumapiri a Kapirintiwa, mbumba ya Kampingo inamanga pafupi ndi dziwe la Kanyimbi, ndipo iwo anali anthu oomba nsalu zathonje. Mlongo wake wa Kampingo, Nanthambwe mwana wa Nachuma, ndiye ankanyika nsaluzo m'madzi a makungwa a mthethe kuti zigwire mtundu.

Chaka china mvula inakana, choncho akulu anamutuma kuti akonze nsalu yakuda yokapereka kukachisi. Mwambo unali wouma: chofiira sichifika pansembe ya mvula chifukwa chimaitana mphenzi, ndipo wobwera nacho ankapirikitsidwa m'mudzi. Nanthambwe ananyika nsaluyo kasanu ndi kawiri, koma inkangotuluka yofiirira ngati katondo. Mantha atamugwira, anakaikwirira m'matope akuda a padziwe paja, nabwerako akulira kuti yabedwa.

Bodza lake silinakhale pamene analisiya. Anthu sanavutike kufuna wakuba, pakuti mkamwini ndiye amayamba kulozedwa chala, ndipo mkamwini wa pamudzipo anali mwamuna wake yemwe, Chimtengo, munthu wosadziwa n'kukalipa komwe. Nanthambwe anasunga pakamwa masiku atatu, akuonda ndi manyazi.

Tsiku lachinayi m'mawa anaona mwamuna wake atakhazikidwa pabwalo, chikho cha mwavi chili m'manja.

"Malume, mulandeni chikhocho," anauza mkulu wa bwalo. "Sanabe ameneyu. Ndinaibisa ndine, poti inafiira. Pirikitsani ine."

Khamu lonse linamutsata kudziwe, ena atatola kale miyala. Iye analowa m'matope mpaka m'mawondo, nazula nsaluyo, naitsukuluza. Matope anachoka, koma kuda sikunachoke. Nsalu inali bii ngati khwangwala, yonyezimira, ndipo anthu anagwira pakamwa, miyala ikugwa yokha m'manja. Woposa onse kudabwa anali Nanthambwe, amene anaichapanso kawiri, osakhulupirira maso ake. Asanafike nayo kukachisi, mvula inali itayamba.

Chimtengo sanakalipe. Anatenga nkhwangwa yake tsiku lomwelo nabwerera kwawo, ndipo sanapondenso m'mudzimo. Manja a Nanthambwe anakhala akuda mpaka imfa yake.

Dziwelo lilipo, matope ake akudetsabe nsalu yonyikidwa mu mthethe. Zidzukulu za Nanthambwe sizinena kuti zikukadetsa nsalu, zimati zikukabisa. Ndipo kufikira lero mkazi wa m'banjamo salowa m'matope amenewo asanauze mwamuna wake kumene akupita.