Nyani Mkamwini pa Dziwe Loundana

Padangotero, ana inu, ndipo amene ayambe kusinza ndimutsina khutu. Kalekale Nyani adakwatira pamwamba pa phiri la Mulanje. Adali mkamwini kumeneko, koma mkamwini wake waulesi wochititsa manyazi. Ntchito iliyonse ankaidziwa ndi pakamwa pokha. Ukati umuuze kanthu, usanafike n'pakati pomwe, iye wakudula kale: "Ndikudziwa kale zimenezo!"

Chaka china m'mwezi wa Juni kudazizira koopsa. Masamba adapserera ndi chisanu, ndiwo zidasowa, ndipo madzi a m'dziwe adaundana pamwamba mpaka kulimba ngati thanthwe, moti ana ankathamangapo. Apongozi ake aakazi a Nyani zidawakwana. M'mawa wina adaitana mwana wawo Nagama, n'kuyankhula mokweza dala kuti mkamwini amve ali kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe Nagama, kawauze amuna akowo kuti pano si pogonera alendo. Dzuwa likalowa lero pakhomo pano palibe ndiwo, amange katundu wawo azipita kwawo."

Nyani adachita mantha enieni. Ulesi adali nawo, inde, koma mkazi wakeyo ankamukonda ndi mtima wonse. Adatsetserekera kudziwe kuja mutu uli pansi, ndipo adapeza Katumbu, msodzi wa m'deralo, atakhala phee pakati pa dziwe, matemba ali mbwee pambali pake.

"Achimwene, nsombazi mwazitenga kuti, madzi atatsekeka chonchi?"

"Zili pansipa, ndipo zili ndi njala," adatero Katumbu. "Umatenga mwala wosongoka n'kuboola kadzenje..."

"Ndikudziwa kale zimenezo!"

"Nyambo yake ndi nyongolotsi. Ukaponya mbedza usamagwedezegwedeze chingwe, chifukwa..."

"Ndikudziwa kale!"

"Chabwino. Koma usanakhale pansi, uyambe wamweta udzu woti..."

"Achimwene, mukundiyesa mwana kodi? Agogo anga adali asodzi otchuka. Tangondibwerekani mbedzayo."

Agogo akewo, ndikuuzeni ine, sadagwirepo ngakhale nkhanu. Koma Katumbu adali wabwino mtima, adamubwereka mbedza ndi nyambo zomwe. Kenaka adanyamula nsomba zake ndi mtolo wa udzu umene adakhalira, n'kumapita. Nyani udzuwo sadauone n'komwe, maso adali pa matemba.

Adagogoda, adagogoda, mpaka kadzenje kadabooka. Adaponya mbedza n'kukhala pansi, pamadzi oundana penipeni. "Mayo ine, kuzizira!" adakuwa, koma adapirira pokumbukira apongozi. Kutentha kwa thupi lake kudasungunula madziwo pang'ono, ubweya wa kumatako n'kunyowa. Posakhalitsa idawomba mphepo yozizira ya m'phiri, madzi aja n'kuundananso ubweya uli momwemo. Mwini wake sadamve kanthu, poti kumbuyo konse kudali kutachita dzanzi.

Ndiye nsomba zidayamba kudya. Akaponya, wakoka. Akaponya, wakoka. Nyani adaiwala mphepo, n'kuyamba kuimba:

Idya nyambo, kansomba iwe,
Apongozi akudikira!
Idya nyambo, kansomba iwe,
Banja langa lingathe!

Mulu wa matemba udakula mpaka kuposa wa Katumbu, ndipo Nyani ankangoseka yekha. "Kuwedza n'komweku? Nanga aphunzitsi aja amafuna andiuze chiyani?"

Dzuwa litapendeka adamva mapazi. Potembenuza mutu adaona Nagama akubwera ndi mtsuko kudzatunga madzi pakadzenje ka Katumbu, ndipo pambuyo pake padali apongozi. Tsono inu mukudziwa mwambo wake. Mkamwini akaona apongozi aakazi amadzuka msanga n'kupatuka. Kukhalabe pansi n'kumawayang'ana ndi chipongwe chothetsa banja, ngakhale utawabweretsera ng'ombe.

Nyani adati adzuke, ayi ndithu. Adayesanso, matako ali gwa! Adapendekera uku, adapendekera uko, dziwe lidamugwira osamusiya.

"Dzukani, amayi afika!" adanong'ona Nagama.

"Ndikudziwa kale," adayankha Nyani, koma ulendo uno ndi kamawu kakang'ono ngati ka mwanapiye.

Apongozi adaima n'kugwira m'chiuno. "Nagama, amuna akowa miyendo yathyoka? Kapena akundiyesa mlamu wawo? Nsombazo ndaziona, koma ndiwo za munthu wamwano ine sindidya. Azinyamule apite nazo kwawo."

Apa Nyani adaona kuti zinthu zafika pa mwana wakana phala. Adayang'ana Nagama, adaluma mano, adatsamiritsa manja pansi, n'kudzikoka ndi mphamvu zake zonse. Ng'aa! Ubweya wonse udatsala padziwe, kumbuyo kwa Nyani kuli psuu ngati phwetekere. Misozi idalengeza m'maso, koma sadalire. Chimene chidamuvuta tsopano n'chakuti achoka bwanji. Akatembenuka, apongozi aona zonse.

Choncho adawerama, adawomba m'manja, n'kuyamba kuyenda chafutambuyo, pang'onopang'ono, nkhope ili kwa apongozi. Akaterereka, amawombanso m'manja. Adayenda choncho dziwe lonse mpaka adalowa m'tchire.

Apongozi adamuperekeza ndi maso. Kenaka nkhope yawo idamasuka. "Nagama, ulemu wotere sindidauonepo chibadwire. Mkamwini wosafuna n'kundifulatira komwe! Achedwa kudzuka chifukwa cha mphepoyi, ine ndawalakwira. Tola nsombazo, mwanawe. Amuna amenewa asachoke pakhomo panga."

Nagama adali atauona kale ubweya uja. Adangotula mtsuko pamwamba pake n'kuyamba kutola matemba, ataluma mlomo kuti asaphulike nako kuseka.

Banja lidapulumuka, ndipo ndiwo zidadyedwa mpaka mphika kuunyambita. Koma ubweya uja sudamerenso, ndipo ana onse amene Nagama adabereka adatengera bambo wawo. Sabata yathunthu Nyani ankadya chiimire, apongozi n'kumauza mudzi wonse kuti mkamwini wawo sakhala pansi chifukwa cha ulemu.

Ana inu, wokuphunzitsani muzimuleka atsirize, chifukwa mawu amene mwamudula pakamwa ndi amene adzakusendeni.